Mapepala a a Sajeni

Mapepala onse a usilikali a amalume anga ndinataya ndine. Ndinawapereka ndi manja anga awiri kwa munthu amene sindinkadziwa ngakhale mudzi wake. Kuno ku Zemba ambiri amangodziwa zoti a Sajeni anadyeredwa ng'ombe ndi tambwali wina wa ku Chipata, ndipo amalume sanatsutsepo nkhaniyo kapena kutchula dzina langa kwa munthu. Ndaganiza zofotokoza mmene zinayendera chifukwa m'boma lino la Chadiza muli madoda ena opuma usilikali amene akusunga mapepala m'mathiranki, ndipo aliyense ali ndi mwana kapena muphwa wodziwa kutokosa foni ngati ine.

Amalume analowa usilikali mu 1986 ali ndi satifiketi ya Giredi 9 basi. Atamaliza za perete ndi mfuti, akuluakulu anaona kuti dzanja lawo limamvana ndi sipanala, choncho anawatumiza ku kosi ya umakaniko. Anawaika ku Gondar Barracks ku Chipata pa nthawi imene zigawenga za Renamo zinayamba kudumpha malire kuchokera ku Tete, cha mu 1987, n'kumaotcha midzi, kuba ng'ombe ndi kugwira anthu m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke. Amayi amanena kuti zaka zimenezo ankagona kuthengo, kumudzi n'kumabwera masana okha kudzatereka mphika. Malole a IFA ndi ma Land Rover obweretsa asilikali kumalire kuno ankathyoka masipuling'i m'misewu yathu yamiyala, ndipo wogona kunsi kwake usiku, tochi ili kukamwa, anali amalume. Nkhondo ya ku Mozambique itatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, iwo anapita ndi gulu la Zambia losungitsa mtendere ku Rwanda, kenako ku Sierra Leone. Uko anazolowera majenereta, mapampu a madzi ndi magalimoto a mitundu ina. Kosi iliyonse inkatha ndi pepala lake, kuyambira kalasi yachitatu ya umakaniko mpaka yoyamba, kuphatikiza kosi yophunzitsa anzawo. Zonsezi ankasunga mu envulopu ya khaki, pansi pa yunifolomu, m'thiranki lakuda limene ana sitinkaloledwa kukhalapo.

Atapuma ntchito anabwerera kwawo kwa mlongo wawo, amene ndi amayi anga. Chigayo chikafa, mjigo ukasiya kutulutsa madzi, honda ikakana kulira, anthu amati itanani a Sajeni. Pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo sipasowa anyamata. Amawaphunzitsa kumvetsera injini asanaigwire, kuti adziwe ngati kugogodako kukuchokera kumwamba kapena kunsi. Zida amayala pa saka motsatana kukula kwake, ndipo ntchito ikatha amaziwerenga. Mnyamata wotaya nati mumchenga sapita kwawo asanaipeze. Ine ndinakulira pomwepo, koma mtima wanga unali ku mabuku. Ndinamaliza Giredi 12, ndipo pa banja pathu ndine ndimalemba makalata ndi kudzaza mafomu a feteleza.

Mu 2022 boma linakweza ndalama za chitukuko za CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo gawo lina linakhala la mabasale a achinyamata ophunzira ntchito zamanja. Anyamata athu anayamba kupita ku Chipata, ena ku kampu ya Zambia National Service ya Chiwoko ku Katete. Kenako malo ena ophunzitsira ntchito zamanja, osati kutali kwambiri ndi kwathu, anayamba kufuna mphunzitsi wa umakaniko. Amalume anachapa malaya, anapolisha nsapato, n'kunyamula envulopu ija. Mayi woyang'anira malowo anawalandira mwaulemu ndipo anawerenga pepala lililonse. Anawauza kuti luso lawo sakulikayikira, popeza jenereta ya pamalowo anaidzutsa ndi iwo omwe chaka chapitacho. Vuto linali lakuti malo otere amalembetsedwa ku TEVETA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, ndipo mphunzitsi naye ayenera kuvomerezedwa ndi bungwelo pa mapepala amene amadziwika kunja kwa kampu. Mayiyo ananenanso zina zokhudza mayeso, koma amalume makutu anali atatseka kale. Anabwera madzulo, anabwezera envulopu m'thiranki, n'kupita kukamwetsa ng'ombe.

Zinandiwawa kwambiri. Munthu amene boma linamuphunzitsa ndi ndalama za msonkho, amene anaphunzitsa ana a eni ambirimbiri m'kampu, akanike kuphunzitsa ana a mlongo wake chifukwa cha pepala? Usiku ndinkakwera pachulu pamene netiweki imagwira, n'kumafufuza pa intaneti mmene maiko ena amachitira. Ndipamene ndinapeza za ku America.

Kumeneko, pa 22 Juni 1944, Pulezidenti Franklin Roosevelt anasaina lamulo lotchedwa GI Bill, limene linalipirira sukulu asilikali obwera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kuyambira zaka zomwezo bungwe la American Council on Education limaunika makosi a usilikali n'kunena kuti kosi yakuti ikufanana ndi gawo lakuti la maphunziro a kukoleji. Masiku ano msilikali amatuluka ndi chikalata chotchedwa Joint Services Transcript, chosonyeza zonse zimene anaphunzira m'mawu amene koleji ingamve, ndipo koleji ikhoza kumudumphitsa maphunziro amene akuwadziwa kale. Asilikali a m'ndege ali ndi koleji yawoyawo, Community College of the Air Force. Ndinawerenga zimenezi mtima ukugunda. Ndinakumbukiranso kuti kuno kwathu maofesala ophunzira ku Defence Services Command and Staff College ku Lusaka amalandira mapepala mogwirizana ndi University of Zambia. Ndiye ndinalumikiza ziwirizi m'mutu mwanga: ngati maofesala zimatheka, ndiye kuti ku Lusaka kuli ofesi ina imene imalandira mapepala a msilikali wamba n'kumupatsa dipuloma.

Chimene ndinachidumpha powerenga chinali pomwepo pa tsamba. Ngakhale ku America palibe amene amasinthanitsa pepala ndi pepala. Aphunzitsi a m'makoleji ndi amene amakhala pansi kuunika kosi yeniyeniyo, maola ake, mabuku ake ndi mayeso ake. Akatero amangopereka maganizo, ndipo koleji iliyonse imasankha yokha kuti ilandira zingati. Ine ndinangotola mbali yokoma, n'kuthamangira nayo kwa amalume.

"Malume, inu muli ndi dipuloma kale, kungoti simukudziwa."

"Iwe, dipuloma imabwera munthu ali m'tulo?"

Ndinawaonetsa foni. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kundibwezera osanena kanthu. Koma ndinaona kuti mawuwo alowa.

Munthu uja ndinakumana naye ku Chipata, pa shopu ya fotokope pafupi ndi msika wa Kapata, ndikufunsa mwini shopu ngati akudziwa ofesi yoona za mapepala a asilikali opuma. Bambo wina wovala tayi, wa imvi pang'ono, anatembenuka n'kundifunsa kuti amalumewo anali batalioni iti. Ankadziwa mayina a makampu onse, Arakan, Kohima, Chindwin, Tug Argan, ndipo anandiuza kuti ndi mayina a malo kumene kunamenyedwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, zimene ndi zoona. Anati naye anavalapo yunifolomu. Anati mtima wake umawawa akaona anzake akuvutika m'midzi ndi luso lawo, n'chifukwa chake amawathandiza kuyendetsa mapepala ku Lusaka. Analankhula ndendende zimene ndinkaganiza pachulu paja, ndipo ine ndinamva ngati Mulungu wandiyankha. Ndalama imene anatchula inali yaikulu. Anati ina ndi ya koleji, ina ya chidindo, ina ya ulendo. Anati ku Lusaka salandira fotokope, amafuna mapepala enieni.

Chinali chaka cha 2024. Mvula inadula mu Januwale chimanga chikumasula, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Nkhokwe zinali mbee. Ndalama pakhomo panalibe, koma amalume anali ndi ng'ombe ziwiri zolimira. Ine ndinawawerengera masamu: malipiro a uphunzitsi a miyezi yochepa adzagula ng'ombe ina, ndipo chaka cha njala munthu wa malipiro a pamwezi ndiye amapulumutsa mbumba. Mawu akuti mbumba ndinawasankha dala, podziwa kuti amalume sangawapirire. Amayi atamva anandiitanira kuseri kwa khitchini.

"Mwanawe, safunsa anadya phula. Bwanji osayamba wabwerera kwa mayi uja wa kusukulu, akakuuze bwino?"

Ndinawayankha kuti mayi uja ndi amene anawakana amalume, ndiye angatithandize chiyani. Amayi sanapite patali ndi sukulu, ndipo ndinawalankhula mowasonyeza zimenezo. Pa zonse zimene ndinachita, ichi ndi chimene chimandisowetsa tulo.

Ng'ombe inagulidwa ndi wa butchala pa mtengo wozizira, chifukwa chaka chimenecho aliyense ankagulitsa. Amalume anandipatsa envulopu m'mawa, n'kunena chinthu chimodzi chokha: "Uyambe wachita fotokope lililonse." Nditafika ku Chipata magetsi kunalibe. Madzi ku Kariba anali atatsika, ndipo magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Shopu ina ya jenereta inali ndi mzere wautali. Bambo uja ankangoimba foni kuti basi ya ku Lusaka yatsala pang'ono kunyamuka, ndipo akaiphonya tidikira chaka chamawa. Foni yanga batire inali itatsala pang'ono kutha, ndipo ndinasankha kuisunga kuti nditumizire ndalama m'malo mojambula mapepalawo. Ndinamupatsa envulopu pa siteshoni. Anandilembera lisiti pa pepala la m'kope. Kunyumba amalume atafunsa za fotokope, ndinati zili kwa mnzanga ku Chipata.

Patapita milungu ingapo pepala linabwera ndi kondakitala wa basi. Linali lolimba, lokongola, la chidindo chonyezimira, dzina la amalume lili pakati m'zilembo zopotana. Linkati apambana dipuloma ya uinjiniya wa magalimoto pa koleji ina ya ku Lusaka. Amayi anapha nkhuku imodzi mwa zochepa zimene zinatsala. Amalume anavala magalasi n'kuwerenga mndandanda wa maphunziro kuseri kwake. Anaima pa mzere wina wonena za masamu a uinjiniya.

"Izi sindinaphunzirepo ine."

"Malume, amafananiza ndi zimene mumadziwa kale. Ndi mmene amachitira."

"Nanga mapepala anga ali kuti?"

Ndinati akubwera pambuyo, chifukwa ndi zimene bambo uja anandiuza.

Tinapita tonse kwa mayi uja. Anayang'ana pepalalo, anandiyang'ana ine, n'kunena kuti aliyense wofuna ntchito pepala lake limayamba latsimikizidwa ndi Zambia Qualifications Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti liziona ngati mapepala a maphunziro ali enieni. Ine ndinavomera mokweza, mosaopa chilichonse. Tsiku limene anatiitananso, anatseka chitseko cha ofesi ndi kutiuza kuti koleji yolembedwa pa pepalalo sidziwika kulikonse, ndiponso kuti kupereka pepala lachinyengo pofuna ntchito ndi mlandu umene munthu amamangidwa nawo. Kenako anafunsa kuti anabweretsa pepalali ndani.

Pakamwa panga panauma. Amalume anaimirira, manja m'mbali, n'kunena kuti dzina lili papepalapo ndi lawo, ndiye mlandu ndi wawo. Munthu amene anatuluka usilikali wopanda banga anaima pamaso pa mayi wa msinkhu wa mwana wawo n'kusenza bodza limene sanalipange. Ine ndinakhala chete pa benchi. Mawu ndinawapeza titatuluka panja, pamene sakanathandizanso kanthu, ndipo pomwepo ndinaulula kuti fotokope kulibe.

Mayiyo anali ndi chifundo. Anatilangiza kukanena tokha kupolisi, ndipo tinatero. Foni ya bambo uja inali yozima, ndipo a pa shopu anati ankangomuona akudutsa. Mpaka lero sindimvetsa kuti mapepala enieniwo ankawafuniranji. Mwina anali chikole choti tisachite phokoso msanga.

Tsiku lomwelo, asanatitsanzike, mayiyo anabwereza zimene ananena ulendo woyamba uja, ndipo ulendo uno tinamvetsera. Njira yoona ilipo, ndipo ilipo kalekale. TEVETA imayesa anthu amene anaphunzira ntchito kunja kwa kalasi, kaya m'galaja, pa chipupa cha nyumba kapena m'kampu. Munthu amalembetsa kudzera pa sukulu yovomerezeka, monga Chipata Trades Training Institute, amasonyeza umboni wa zimene wagwira, kenako amayesedwa ndi manja pamaso pa woyesa. Akakhoza amalandira satifiketi ya trade test, imene ili ndi magawo atatu, lachitatu pansi, loyamba pamwamba. Anatijambulira pa pepala masitepe khumi a maphunziro a dziko lino: satifiketi ya craft pa 4, dipuloma pa 6, digiri yoyamba pa 7, udokotala wa maphunziro pa 10. Trade test ili kumunsi kwa zonsezi. Ndalama yolembetsera inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi ng'ombe ija. Ndipo umboni wamphamvu umene amalume akanapita nawo, wosonyeza makosi ndi zaka zawo, unali mu envulopu imene ndinapereka pa siteshoni.

Kunyumba kunalibe kukalipa. Amalume anangosiya kundituma. Kalata ikabwera ankapita nayo kwa mphunzitsi wa pa pulaimale. Mvula itagwa mu Novembala, ng'ombe yotsalayo inalibe inzake pa goli, ndipo tinkadikira kuti aneba amalize minda yawo kaye asanatibwereke yawo. Tinadzala mochedwa, chaka chimene aliyense ankathamangira kubweza za njala. Ine ndinagwira khasu m'munda wa amalume kuyambira kupalira mpaka kukolola, ndipo soya wa m'munda mwanga ndinawauza kuti ndi wawo. Sanakane, sanathokoze.

Anapita kukayesedwa chaka chotsatira, atasonkhanitsa makalata a umboni kwa eni zigayo, kwa komiti ya mjigo ndi kwa a mfumu. Anandilola kuwaperekeza. Woyesa anali mnyamata wa zaka za ine ndemwe. Anawapatsa injini ya dizilo imene anaisokoneza dala. Amalume anapempha kuti ailize kaye, anamvetsera, anayala zida pa saka limene anabwera nalo, n'kupita molunjika pamene panali vuto. Woyesayo anasiya kulemba n'kuyamba kufunsa mafunso amene sanali pa fomu, za mmene ankakonzera pampu ya mafuta kuthengo popanda zida zoyezera. Ophunzira a pasukulupo anazungulira. Ine ndinali pa windo, ndipo misozi inanditsika.

Anakhoza. Satifiketiyo ndi yeniyeni, ndipo aliyense akhoza kuitsimikiza. Koma ndinene mosabisa kuti ndi yaing'ono poyerekeza ndi zimene zili m'mutu ndi m'manja mwawo. Imanena kuti amatha kukonza injini. Sinena kuti anayang'anirapo galaja ya magalimoto ambiri kudziko la eni, kapena kuti anaphunzitsapo anthu. Kuti avomerezedwe kuphunzitsa paokha akufunika pepala lokwererapo ndi maphunziro a kaphunzitsidwe, onga amene amaperekedwa ku koleji ya aphunzitsi a ntchito zamanja ku Luanshya. Munthu wa zaka pafupifupi 60, wa penshoni yoti idyetse nyumba zingapo, sangakakhale pa desiki kuyambira pa chiyambi kuphunzira kusiyanitsa masipanala. Mayi uja wawatenga kuti azithandiza mu wekishopu masiku ena pa sabata, pansi pa mphunzitsi wachinyamata wa mapepala, amene nayenso amawafunsa zinthu mwakachetechete ana akatuluka.

Apa ndi pamene nkhani ya ku America ija ndimaionabe kuti ili ndi nzeru, ngakhale ndinaimva molakwika. Kuyeza luso la msilikali kuyenera kuchitika iye asanavule yunifolomu, aphunzitsi ake ali moyo, mabuku a kosi ali pa shelefu. Achinyamata a ku Chiwoko masiku ano amatuluka ndi mapepala a ntchito zamanja odziwika kunja, ndipo n'zosangalatsa. Maofesala nawo njira yawo ilipo. Otsala ndi a makopolo ndi a masajeni a zaka za m'ma 1980 ndi 1990, madalaivala, amakaniko, a mawailesi, omanga milatho, othandiza madokotala. Akatswiri atakhala pansi kamodzi kuunika makosi akale aja n'kulemba kuti kalasi yoyamba ya umakaniko wa usilikali ikufanana ndi sitepe yakuti, munthu ngati amalume akanadziwa poyambira, koleji ikanadziwa zomudumphitsa, ndipo atambwali akanasowa chogulitsa. Agogo athu amene anabwera ku Burma mu 1945 ndi 1946 akudziwa kuyendetsa malole ndi kukonza mawailesi, ambiri anafera m'midzi luso lawo lisanalembedwe paliponse. Sindikufuna kuti a m'badwo wa amalume apite chimodzimodzi, makamaka pano pamene midzi yadzaza ma honda, mapampu a sola ndi zigayo zosowa wokonza.

Ndayamba kuyendera madoda ena opuma usilikali a mbali ino. Ndimawafotokozera za trade test, ndipo ndimawapempha kuti mapepala awo tiwajambule pa foni ndi kuwachita fotokope, enieniwo asachoke m'nyumba. Ena amandimvera, ena amandikayikira, ndipo kwa okayikirawo ndimanena zonse zimene ndalemba pano.

Amalume analemba kalata kulikulu la asilikali ku Lusaka kupempha makope a mbiri ya ntchito yawo. Mwezi wathawu mnzawo wina amene anachita naye kosi ya kalasi yoyamba anaimba foni kuchokera ku Kabwe. Akuti ali ndi satifiketi yake ya kosi yomweyo, chithunzi cha gulu lonse, ndi mndandanda wa mayina umene dzina la amalume lilipo. Tagwirizana kuti tipite tikagulitsa soya. Ndalama ya basi ya anthu awiri ndilipira ine, ndipo yotsala ndiyamba kusungira thole loti lidzalowe pa goli.